Malo Awiri m'Sitima ya ku Banaba

Suva, 6 Malichi 1977

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi amalume a Tekaai ndi onse a m'mudzi mwathu mu Buakonikai. Ine kuno ku yunivesite ndili bwino. Mundidziwitse ngati bondo lanu laleka kutupa, ndiponso ngati denga la kukhitchini lapirira mvula ya chaka chino.

Ndili ndi nkhani imene singadikire tchuthi. Mwezi wa Juni kudzanyamuka sitima pa doko la kuno kupita kwathu ku Banaba. Idzatenga anthu athu makumi asanu ndi limodzi, kuti akakhale pa nthaka ya makolo kampani ya migodi isanamalize kuikumba, ndipo maiko onse aone kuti eni ake a chilumbacho akadali moyo. Amayi, papita zaka zoposa makumi atatu chikutsitsireni pa chilumba cha Rabi, m'dziko la eni la Fiji, atakuuzani kuti mukhalapo zaka ziwiri zokha. M'zaka zonsezi nthaka yathu yoyera yakhala ikupakiridwa m'masitima kukanenepetsa msipu wa nkhosa za ku Australia, ife tikupala kokonati ndi kuthokoza. Midzi yathu ya pa Rabi tinaitcha maina a midzi ya kwathu, kotero kuti ine ndinakula ndikudzitcha wa ku Buakonikai, chonsecho Buakonikai weniweni sindinamuonepo.

Ndalembetsa maina awiri, langa ndi lanu. Sindinayambe ndakufunsani chifukwa malo amatha msanga, koma ndikudziwa kuti simungakane.

Chifukwa chake ndi bangabanga wa banja lathu, phanga la madzi lija losalowamo mwamuna. Ndili mwana munkandiuza za iye mukundipesa tsitsi. Munkati munthu amalowa chokwawa, wopanda nyali, atagwira chidendene cha mayi wake. Munkati pali malo ena pamene denga limakhudza msana, ndipo ukapitirira pamenepo mpweya umazizira, madontho ndi kuyamba kumveka patali ngati anthu akunong'onezana. Madziwo sawaona ndi maso, amawadziwa dzanja likanyowa. Munandiphunzitsanso lamulo lake, kuti mtsikana salowa yekha, amalowetsedwa ndi mkazi wa mbumba yake amene analowamo kale. M'mbumba yathu mwatsala inu nokha.

Masana ena m'kalasi, mphunzitsi akufotokoza za malamulo a maiko, ndimangopezeka ndili mumdima umenewo. Choko chimaleka kulira pa bolodi, mawondo anga ali pa mwala wozizira, ndipo patsogolo panga pali phazi lanu. Ndikadzidzimuka ndimapeza dzanja langa litafumbata m'mphepete mwa desiki.

Ndikufuna mukandilowetse, Amayi. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ndachedwa kale.

Mundiyankhe ndi boti lotsatira. Ngati mkeka uja munayamba kuluka watha, munditumizire, chifukwa simenti ya kuno imazizira.

Ine mwana wanu,
Rereao

Buakonikai, Rabi, 27 Malichi 1977

Kwa Agavanala athu a ku Suva,

Moni, mwana wa mlongo wanga. Ndine malume wako Tekaai. Amayi ako akuti ndiyankhe ine chifukwa manja awo ali ndi mafuta a kokonati, ndipo sabata yonse ino manjawo sanaume. Bondo lili bwino. Denga likudontha pamalo atatu, koma taika mapoto, ndiye tikuti ndi mpopi.

Kalata yako inabwera Lachisanu pamodzi ndi ufa ndi palafini, ndipo ikununkha zonse ziwiri. Ndinaiwerenga mokweza pakhonde. Nditafika pa nkhosa za ku Australia, mayi wa nyumba yoyandikana nayo anafunsa ngati nkhosazo zimadziwa kuti zikudya ife. Tinaseka. Nditafika pa bangabanga, amayi ako anadzuka.

"Nkhumba zija sizinadye," anatero.

Ndinati, "Achemwali, mwazipatsa kumene. Zagona ndi kukhuta."

"Iwe Tekaai, nkhumbazo ndi zako kapena zanga?"

Tsiku limenelo nkhumba zinadya kawiri. Atabwerako ndinafuna kupitiriza kuwerenga, koma anati mawu anga amawapweteketsa mutu. Kalatayo anaitenga, ndipo ili m'Baibulo mwawo. Yankho lawo sindinalimve, ndiye sindingakunamize kuti avomera kapena akana.

Ine ndiye usandiwerengere n'komwe. Ndili ndi mitengo isanu ndi itatu ya kokonati yogomamo uchema, ndipo iwe ukudziwa khalidwe lake. Uyenera kuikwera m'mawa ndi madzulo, kudula pang'ono pa nsonga ndi kuiimbira nyimbo. Ukaphonya tsiku limodzi imaleka kudontha, ndipo sipepeseka. Mkazi wanga ndingamusiye mwezi wathunthu, adzandilandira ndi mwano basi, koma mitengo iyi ayi. Kuonjezera apo, ku Banaba ndinachoka ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chimene ndikukumbuka ndi fumbi loyera m'mphuno ndi ludzu. Ngati maiko akufuna kuona mwini wake wa chilumba, abwere kuno m'mawa, andipeza m'mwamba.

Koma pa za amayi ako, mvera ine. Yenda pang'onopang'ono. Munthu akati nkhumba sizinadye pamene zadya, pali china chimene sichinadye.

Mkeka sunathe. Phunzira kwambiri, Agavanala, kuti ukadzatilamulira tidzakhale ndi malata atsopano.

Malume wako,
Tekaai

Suva, 10 Epulo 1977

Amalume,

Moni. Ndathokoza chifukwa cha kalata yanu, ngakhale sindinaseke monga mmene munafunira. Mwaika mitengo isanu ndi itatu mbali imodzi, dziko la makolo anu mbali inayo, ndipo mwapeza kuti mitengo ndiyo yolemera. Ndinu akulu kwa ine ndipo ndimakulemekezani, koma ndiyenera kunena kuti nthabwala zotere ndi zimene zatisunga pa Rabi zaka zonsezi. Amene anatichotsa kwathu sanafunikire kutimanga ndi unyolo. Anangotipatsa mvula ndi chinangwa, ife tomwe n'kudzimanga.

Chonde muwawerengere Amayi zotsatirazi, ndipo nkhumba muyambe mwazidyetsa.

Amayi, Lamulungu lapitali tinasonkhana m'holo ya tchalitchi, tonse amene tikupita. A Kabiriera, mkulu amene akusunga mndandanda wa maina, anafotokoza vuto lalikulu. Madzi onse a pa chilumbapo tsopano ali m'matanki a kampani. Tikafika, tidzayenera kupita ndi ndowa kukapempha kwa yemweyo amene tikulimbana naye. Ine ndinaimirira ndi kunena kuti munthu wopempha madzi kwa mdani wake wagonja kale, ndipo makolo athu anakhala pa chilumbapo mibadwo yambiri popanda thanki.

A Kabiriera anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mtsikana iwe, pakamwa uli napo. Koma mwa akazi onse alembetsa, alipo ndi mmodzi yemwe amene analowapo m'phanga?"

"Alipo," ndinatero. "Amayi anga."

"Nei Bwenawa? Mwana wa malemu Nei Teaoti?"

"Omwewo."

Anapinda ngodya ya pepala. Kenako anati, "Ngati zili choncho, tikamwa madzi a makolo." Amayi ena okalamba amene anakhala kumbuyo anayamba kulira mwakachetechete.

Mukuona tsono kuti nkhaniyi si yanga ndekha. Anthu makumi asanu ndi limodzi akuyang'ana kwa inu. Sindikumvetsa kukhala chete kwanu. Inu amene munandiphunzitsa kulakalaka malo amene sindinawaone, mungaope bwanji kupita kumene mtima wanu wakhala ukugona? Ngati ndi bondo, ndidzakuberekani kumsana mpaka pakhomo la phanga.

Ndikudikira mawu ochokera m'dzanja lanu.

Rereao

Buakonikai, 24 Epulo 1977

Mwana wanga,

Moni. Ndili bwino. Mkeka ndi uwu, ndaumaliza dzulo.

M'kati mwa mkekamo muli zigoba za kokonati zisanu ndi chimodzi. Ndazipala ndi mchenga mpaka zasalala, ndipo ndazimanga ziwiriziwiri monga ankamangira agogo ako a Teaoti popita kumadzi. Chingwe ndapota ndekha. Usaziike padzuwa, zingang'aluke.

Amalume ako akuti umalemba ngati munthu wanjala. Uzidya.

Zina ndidzanena.

Amayi ako

Suva, 8 Meyi 1977

Amayi anga okondedwa,

Moni wachimwemwe. Nditafunyulula mkeka ndi kuona zigoba zija, ndinadziwa yankho lanu. Simunafunikire kulemba mawu ambiri. Mkazi sakonza zotungira ngati sakupita kumadzi. Mundikhululukire chifukwa ndinakukaikirani.

Ndinapita nazo kwa a Kabiriera tsiku lomwelo. Anazigwira ndi manja awiri, nanunkhiza chingwe, ndipo anati mfundo yotere anaiona komaliza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Alembera kale akuluakulu a ku Rabi kuti alengeze nkhaniyi.

Zigobazo ndazipachika pafupi ndi zenera, kumene dzuwa silifika. Mphepo ikalowa zimagundana pang'onopang'ono, ndipo ndikatsinzina ndimamva ngati akazi ambiri akutsika phiri m'mawa, aliyense ndi zigoba zake m'chiuno, inu muli patsogolo.

Sitima idzanyamuka pa 10 Juni. Mukwere boti la kumapeto kwa mwezi uno kuti mudzapumule kuno masiku angapo. Ndidzakudikirani pa doko. Mutenge nsalu yokhuthala ya mawondo.

Mwana wanu,
Rereao

Buakonikai, 22 Meyi 1977

Rereao,

Moni. Lero sindikutcha Agavanala.

Lamulungu lapitali analengeza m'tchalitchi kuti Nei Bwenawa akupita kukatsegula bangabanga. Titaweruka, akazi a midzi yonse inayi anabwera pakhomo pano akuvina. Anawaveka amayi ako nkhata zamaluwa mpaka khosi losaoneka, anawadzoza mafuta, ena anabweretsa ana awo aakazi kuti angowagwira dzanja. Amayi ako anakhala pa mkeka ngati mtengo. Sanaseke, sanalire. Anthu anati ndi ulemu.

Chiyambire tsiku limenelo, akamaliza ntchito za m'mawa amapita ku mtsinje wa kuseri kwa mudzi, n'kukhala pa mwala mapazi ali m'madzi. Dzana ndinawatsatira.

"Achemwali, muuzeni mwanayu," ndinatero.

"Ndimuuze bwanji? Ndinamulera ndi madzi amenewo."

"Mukachedwa akauza ndi wailesi yomwe. Mwana wanuyo mukumudziwa."

"Pakamwa anatengera kwa iwe."

"Ine pakamwa panga pamathera m'mwamba mwa mtengo. Pake pafika ku Suva."

Anamwetulira pang'ono, kenako anandithamangitsa, akuti ndikuopseza nsomba. Koma madzulo ake anandipempha pepala ndi cholembera. Lero ndi tsiku lachitatu akulemba, ndipo mapepala awiri apita kale pamoto.

Chimene akulembacho si changa kuti ndinene. Changa ndi ichi: usapite ku doko kukawadikira. Sakwera boti. Zigoba zija unazimva molakwa.

Malume wako,
Tekaai

Suva, 9 Juni 1977

Amayi,

Boti la ku Rabi linachedwa masabata awiri chifukwa cha injini, ndipo masiku onsewo ndakhala ndikupita ku doko. Lafika lero masana. Ndinaima pafupi ndi makwerero ndi kuyang'ana munthu aliyense wotsika, kenako matumba a kokonati wouma, kenako mbuzi ziwiri. Pomaliza woyendetsa boti anandipatsa makalata awiri.

Ya amalume ndawerenga. Yanu sindinaitsegule, chifukwa sindikufuna kumva zifukwa lero. Ndaona zifukwa zambiri chaka chino, za mitengo, za nkhumba, za mawondo. Mwasankha kukhala mlendo m'dziko la eni mpaka imfa, ndipo mwandisiya kuti ndikaime ndekha pamaso pa anthu amene ndinawalonjeza madzi m'dzina lanu.

Sitima inyamuka mawa m'mawa. Malo anu akhala opanda munthu. Kalata yanu ndikaiwerengera panyanja, kumene sindingathe kukuyankhani ndili wokwiya.

Rereao

Buakonikai, 23 Meyi 1977

Rereao mwana wanga,

Moni. Kulemba sindinazolowere, ndiye upirire nane.

M'phanga lija sindinalowemo. Ngakhale kamodzi.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amayi anga anali atandikonzera zigoba, ndipo anati adzandilowetsa mwezi ukadzaoneka. Mweziwo usanaoneke, asilikali a ku Japan anatikweza m'sitima kupita ku chilumba cha Kosrae kukawalimira mbatata. Zigoba zinatsala pa msomali.

Ku Kosrae amayi anayamba kudwala. Pamene anaona kuti sadzabwerera, anayamba kundiphunzitsa njira m'kanyumba momwe tinkagona. Masana, anthu ali kumunda, ankati, "Tsinzina." Ndinkatsinzina. Ankagwada pansi, ine n'kugwira chidendene chawo, ndipo tinkakwawa kuzungulira kanyumbako. Ankati, "Apa weramitsa mutu. Apa denga likukhudza msana, usaope, tulutsa mpweya. Apa khotera kumanzere. Wamva kuzizira?" Kunja kunali dzuwa loswa mutu, koma ine ndinkamva kuzizira. "Wamva madontho?" Ndinkawamva. Pomaliza ankaviika dzanja langa m'mbale ya madzi. Tinachita zimenezi masiku ambiri, mpaka tsiku limene sanathenso kugwada. Tinawaika komweko. Amalume ako anaona zonsezi, ndipo sanauzepo munthu.

Phanga limene ndinkakuuza ndi limenelo. Sindinafune kukunamiza. Ndinkati ndikayamba kufotokoza ndinkapezeka ndili momwemo, ndipo mawu ankatuluka okha kuti ndinalowa. Iwe unkamvetsera maso ali gwa, ndiye ndinalibe mtima wokuuza kuti kanali kanyumba ka udzu. Zigoba ndinakutumizira kuti upite nazo iweyo, usafike kwa makolo chimanjamanja. Ndinayesa kuti umva. Ndinalakwa posanena.

Uwauze a Kabiriera zoona. Manyazi ake ndi anga, usawasenze iwe.

Koma ngakhale ndikanaidziwa njira, mwana wanga, sindikanakwera. Ukuti ndine mlendo pano. Mvera. Titafika pa Rabi tinagona m'matenti, mvula ikugwa usana ndi usiku, okalamba akutsokomola mpaka kufa. Ndinkadana nacho chilumba chino. Tsiku lina ine ndi atsikana anzanga tinalowa m'tchire, n'kupeza mtsinje. Ku Banaba kulibe mtsinje, ndipo tinali tisanauonepo wotere chibadwire. Madzi abwinobwino akungothamangira kunyanja, popanda wowaletsa. Tinathamanga kukatenga mapoto, zitini, chilichonse, kuti tiwapulumutse asanathe. Tinatunga mpaka manja kuuma. Anthu a kuno amene ankadutsa anatiseka mpaka kugwa pansi. M'mawa mwake tinapita kukaona, ndipo mtsinje unalipobe. Papita zaka makumi atatu, ndipo m'mawa uliwonse ndimadabwabe kuti ulipo.

M'mtsinje umenewo ndinakusambitsa utangobadwa. Bambo ako agona kuseri kwa tchalitchi, ndipo udzu wa pamanda pawo umamera msanga. Amayi anga ali ku Kosrae. Ku Banaba ndikapeza ndani?

Banaba ndili naye. Ndikagona pang'ono masana ndimapita. Mitengo yonse ilipo, njira ya ku Buakonikai ili ndi mthunzi, amayi akuyanika nsomba, ndipo zigoba zanga zili pa msomali. Amene anapitako akuti tsopano kuli miyala yokhayokha. Ndikakaona ndi maso anga, ndidzagona masana n'kupeza miyala. Kampani inakumba chilumba chimodzi. Chinachi sindiipatsa.

Ndipo pali ichi, chimene chandivuta kulemba. Anandikweza m'sitima kupita ku Kosrae osandifunsa. Anandikweza kubwera ku Rabi osandifunsa. Ulendo wachitatu ndi uwu, wandilembetsa ndiwe, mwana amene ndinabala, ndipo nawenso sunandifunse. Ndikudziwa kuti unachita mwa chikondi. Koma kukhala pano ndi chinthu choyamba m'moyo wanga chimene ndasankha ndekha.

Iwe pita. Nkhondo yako ndi yabwino, ndipo ine sindingaimenye. Uvale chipewa.

Amayi ako,
Bwenawa

Banaba, 14 Ogasiti 1977

Amalume,

Moni kuchokera kwathu. Kalata iyi ndi yanu nokha, musaiwerenge pakhonde. M'envelopu momwemu muli kapepala kena ka Amayi.

Kalata yawo ndinaitsegula tsiku lachiwiri la ulendo. Ndinaiwerenga katatu, kenako ndinapita kwa a Kabiriera, amene anakhala pa mulu wa zingwe akusoka nsapato. Ndinawauza zonse popanda kubisa.

Sanaleke kusoka. "Teaoti anachoka mwanayo ali wamng'ono," anatero. "Ndinawerenga zaka tsiku lomwe lija m'holo."

"Nanga bwanji simunanditsutse?"

"Unalankhula bwino, mtsikana iwe. Inenso ndinali ndi ludzu."

Anthu ndinawauza ndekha madzulo ake. Ena anadandaula, mayi wina sanandilankhule mpaka tinafika. Madzi tikumwa a m'matanki a kampani. Ndowa yoyamba ndinakapempha ndine, chifukwa ndine ndinanena kuti wopempha wagonja. Kalaliki wa pa thankipo anandipatsa mwaulemu, ndipo ulemuwo unandiwawa kuposa mwano.

Fumbi lanu loyera lija lilipo, Amalume, ndipo ndikulemba lili m'mphuno. Tamanga misasa pafupi ndi nyanja. Kumtunda ndi nkhalango ya miyala yosongoka, yaitali kuposa nyumba, yoyera ngati mafupa, ndipo masana imanjenjemera ndi kutentha kotero kuti umayesa ikuyenda. Kumene kunali Buakonikai kulibe nthaka yoti munthu n'kuimapo. Ndinayenda pakati pa miyalayo masiku anayi ndi bambo wina wokalamba amene akukumbuka malire a mabanja, mpaka anaima, naloza pansi, iye n'kutembenuka kuyang'ana kumbali monga mwa lamulo.

Bangabanga wathu anamudula pakati pokumba. Denga kulibe, dzuwa limafika mpaka pansi, ndipo pansipo pali mgolo wadzimbiri. Ndinatsika. Kumapeto kwake kwatsala kanjira kopapatiza kolowa m'thanthwe. Ndikudziwa kuti sindinayenere kulowa popanda wondilowetsa, koma ndinagwada, n'kukwawa pang'ono. Denga linandikhudza msana. Ndinatulutsa mpweya, ndinapitirira, ndipo njira inakhotera kumanzere. Amalume, agogo sanaphonye ngakhale pamodzi. Zimene anaphunzitsa mwana wawo m'kanyumba ka ku Kosrae ndi zoona zonse. Kungoti pambuyo pa kukhota paja pali miyala yogumuka, ndipo madontho sakumveka. Ndinagona pamenepo nthawi yaitali, tsaya lili pa mwala, ndipo sindikudziwa ngati kuzizira kumene ndinamva kunali kwa phangalo kapena kwa nkhani za Amayi.

Sindinasinthe maganizo. Tiyenera kukhala pano kuti asadzanene kuti chilumbachi chilibe eni, ndipo ine ndikhala mpaka sitima ya chaka chamawa, ngakhale sukulu iime. Koma mawu aja ndinakulemberani a mitengo isanu ndi itatu, muwaiwale. Kuno kulibe mtengo woti munthu n'kuuimbira.

Mwana wa mlongo wanu,
Rereao

Amayi,

Moni. Ndafika bwino, ndikudya, ndipo chipewa ndikuvala. A Kabiriera ndinawauza, ndipo akupereka moni kwa mwana wa Nei Teaoti. Dzina lanu ndinalifufuta ndi dzanja langa pa mndandanda. Ndinalakwa polilemba, ndipo ndikupepesa.

Ku Buakonikai ndinapita, ndipo phanga ndinalipeza. Sindilemba kanthu za zimene ndinaona ndisanakufunseni. Kodi ndikuuzeni, kapena ndisakuuzeni?

Mwana wanu,
Rereao

Buakonikai, Rabi, 2 Okutobala 1977

Mwana wanga,

Moni. Kapepala kako kafika dzulo. Amalume ako anawerenga yawo ali m'mwamba mwa mtengo, ndipo anachedwa kutsika. Sindinawafunse.

Usandiuze. Ndinali komweko masana ano, ndipo mitengo yabereka kwambiri chaka chino.

Wachita bwino kufunsa. Ukafuna kukhala, khala. Ukatopa, bwera. Ine undipeza pano.

Amayi ako